Gadiyani wa Mbewa Ziwiri

Ndinalota mbewa yoyera itabwera pa benchi yanga kudzapempha ufa wa malambe.

Ine ndimagulitsa zouma mumsika wa Limbe, kumbali kwa anthu a nyemba. Ndili ndi ufa wa malambe, masamba a chammwamba osinja, chidede, jinja ndi adyo. M'malotomo zonse zinali m'malo mwake. Unali usana, malata akuthetheka ndi dzuwa, ndipo Abiti Yusufu, amene amagulitsa nyemba moyandikana nane, anali akupeta palichero. Mbewayo inakwera pa thumba la chidede, inawomba m'manja mwaulemu, n'kukhala pansi itapinda miyendo kumbali. Kakhalidwe kameneko ndi kamene kanandiuza kuti ndi mayi. Inali yonenepa, ya ubweya woyera ngati thonje, maso ofiira, ndipo pakhutu inali ndi kachitsulo kakang'ono.

"Odi, mayi Makwinja," anatero mayi mbewa.

"Fikani, mayi. Mwaswera bwanji?"

"Taswera pang'ono, kaya inu. Ine ndachokera kuntchito kwa mwana wanu."

Mwana wanga Tinenenji amachita kafukufuku pa koleji ina mu Blantyre momwemu. Amaweta mbewa zoyera m'timakola ta pulasitiki. Zonse amazidyetsa chakudya chodzaza mafuta kuti zinenepe ndi kudwala monga amadwalira anthu: shuga kukwera, chiwindi kukuta mafuta. Gulu limodzi amalisakanizira ufa wa malambe ndi chammwamba m'chakudyacho, gulu linalo salisakanizira. Akufuna aone ngati ufawo umasinthadi kanthu m'thupi. Ufa wake amadzatenga kwa ine, ndipo ndimamusefera ndekha pa sefa yatsopano imene sindigwiritsira ntchito ina iliyonse.

"Ine ndili m'gulu la opatsidwa ufa," anapitiriza mayi mbewa. "Amuna anga anagwera m'gulu la osapatsidwa. Sakupeza bwino. Akachoka pa botolo la madzi kupita pa mbale, amapuma kaye panjira. Madzi akumwa tsiku lonse, koma ludzu silikuwachoka."

Matenda amenewo ndinawadziwa asanamalize kufotokoza. Malemu amuna anga, a Makwinja, anadwala chimodzimodzi. Anali telala wa pakhonde, munthu wokonda nyama ya pachiwaya ndi tiyi wa shuga wambiri. Atawapeza ndi matenda a shuga ankamwa mankhwala a kuchipatala mosadumphitsa, ine n'kumawathirira ufa wanga m'phala m'mawa uliwonse. Anakhala nawo matendawo zaka zingapo, kenako impso zinaleka kugwira ntchito, ndipo tinakawaika kwawo ku Thyolo. Ena amati ufa wanga unawatalikitsira moyo. Ena sanena kanthu. Tinenenji ndi mmodzi mwa osanena kanthuwo.

"Nanga inu simungawagawireko wanu?" ndinafunsa.

"Ndinayesa, mayi. Ndinasunga chakudya pang'ono m'tsaya kuti ndikawapatse. Ndisanafike pa khola lawo ndinapeza ndameza." Anayang'ana pansi. "Chakudya chamafuta sichikhala m'kamwa."

Ndinang'amba kapepala, ndinathirapo ufa wa malambe ndi wa chammwamba, n'kukulunga. Ndinatenganso kasupuni kanga koyezera. Abiti Yusufu sanasiye kupeta.

"Pitani, benchi ndikuonerani," anatero. "Koma vulani nsapato. Kumeneko kuli madzi."

Ndinavula nsapato n'kuziika pansi pa benchi. Mayi mbewa anatsika pathumba n'kutsogola. Kuseri kwa matumba a nyemba kunali chitseko choyera chokhala ndi kagalasi pakati. Ndagulitsa pamalo amenewo kuyambira Tinenenji ali kumsana ndipo chitsekocho ndinali ndisanachionepo, koma sindinadabwe. Ndinachikankha.

Tinalowa m'chipinda chachitali, chozizira, chonunkha utuchi ndi mankhwala okolopera. Mbali zonse ziwiri kunali mashelefu achitsulo ofika kudenga, odzaza timakola. Pakati pa chipindacho pankadutsa mtsinje. Unali Nsuwadzi wa kwawo kwa amuna anga, ndi miyala yake yochapirapo ndi mabango ake. Unkatulukira pansi pa khoma limodzi n'kukalowa pansi pa khoma linalo. Mbewa zopatsidwa ufa zinali tsidya lino, zosapatsidwa zinali tsidya lija. Pamwamba pa madzi anagonekapo thabwa, ndipo ndinalizindikira ndi mizere ya choko. Linali thabwa limene a Makwinja ankadulirapo nsalu.

Iwowo anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, atapinda thalauza, tepi yawo ili m'khosi. Ankatenga mbewa imodziimodzi, kuizunguliza tepi pamimba, kuiika pa sikelo imene inali pamwala, n'kuibwezera m'khola mwake. Mbewa ikatsika, sikeloyo inkati, "Wotsatira." Nditayandikira inati, "Alendo sitiyeza."

"Amake Tinenenji, mwabwera," anatero a Makwinja.

"Ndabwera. Kodi masiku ano mukugwira ntchito kuno?"

"Ndimangothandiza mwana. Iye sadziwa."

Ankaoneka bwino. Mapazi awo, amene anatupa kwambiri miyezi yomaliza, ankaoneka m'madzimo ali owuma bwinobwino ngati a mnyamata. Ndinafuna kuwafunsa zambiri, koma anali pantchito, ndipo a Makwinja sankakonda kuyankhulitsidwa tepi ili m'manja.

"Chimene mwafumbatacho ndachiona," anatero osandiyang'ana. "Musachipereke."

"Bambo wa tsidya lija akudwala."

"Akudwaladi. Ntchito imene anapatsidwa ndi imeneyo. Mukawadyetsa ufa, tsidya lino ndi tsidya lija zifanana. Zikafanana, mwana sadziwa ngati ufa umagwira ntchito kapena ayi. Adzalemba zimene sizili zoona, osadziwa kuti n'zabodza."

"Ndi kasupuni kamodzi kokha."

"Kwa inu ndi kasupuni. Kwa mbewa ndi thumba."

Mayi mbewa anali ataima pathabwa akundidikira. Zonsezo anazimva. Ndinapempha njira kwa amuna anga monga ndinkachitira kale, iwo anapatuka pang'ono, ndipo ndinawoloka.

Tsidya lijali kunali phee. Mbewa zambiri zinali zitagona cham'mbali, zikupuma mwawefuwefu. Zina zinali pamzere pa mabotolo a madzi. Khola la bambo mbewa linali pa shelefu yapansi. Kukula kwake linali ngati katoni ya nsapato, koma nditawerama ndinalowamo bwinobwino n'kukhala pa utuchi. Mbewa zina zimene zinali m'menemo zinasunthira kungodya kutipatsa malo.

Bambo mbewa anali atatsamira khoma. Anali wamkulu kuposa mkazi wake, ubweya utanyowa ndi mafuta m'khosi. Atandiona anayamba kukokera utuchi pamimba pake kuti pabisike.

"Pepani, mayi, sinditha kudzuka," anatero. "Mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino. Thupi likuti bwanji?"

"Likulemera basi. Koma akutisamala. Chakudya sichisowa." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Inu, mwavutitsiranji anthu a ntchito zawo?"

"Khalani chete, mudye," anatero mayi mbewa.

Botolo la madzi limene linapachikidwa pakhoma linayankhula ndi mawu otopa. "Lero andimaliza kale, n'kundidzazanso, n'kundimalizanso. Muwauze a gauni yoyera."

Ndinamasula kapepala kaja. Mawu a amuna anga anali akadali m'makutu, choncho ndinafuna ndimve kaye chimene ndikugula ndi ntchito ya mwana wanga.

"Mayi," ndinatero, "ndikawapatsa ufawu n'kupeza bwino, mukhala nawo mpaka liti? Mbewa zimakalamba zaka zingati?"

Mayi mbewa anandiyang'ana ngati munthu wofunsa za mitengo ya chimanga pamaliro.

"Kodi mwana wanu sanakuuzeni? Lachisanu tonse tikulowa m'chipinda chamkati, opatsidwa ndi osapatsidwa omwe. Amatigoneka ndi mpweya, n'kutitsegula kuti aone ziwindi. Kumeneko kulibe wobwerako."

Analoza ndi mphuno kumapeto kwa chipinda. Kunali chitseko china chachitsulo, chopanda galasi, ndi benchi yaitali panja pake.

"Inunso?" ndinafunsa.

"Inenso."

"Nanga ufawu mukuufuniranji?"

Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu kuti mwamuna wake asamve, ngakhale khola linali laling'ono ndipo aliyense ankamva.

"Ndikufuna akawatsegula akapeze chiwindi chabwino. Ndi munthu wamanyazi ameneyu. Ngakhale kukanda pamimba sakanda anthu akuona. Ndiye akagone chagada pansi pa getsi, anthu atamuzungulira, akuloza mafuta ake? Ine changa akachiona ayamikira. Chake akachiona agwedeza mutu. Zimenezo n'zimene zikundisowetsa tulo."

Ndinatapa ufa ndi kasupuni. Bambo mbewa anayang'ana mkazi wake, kenako anatseka maso n'kutsegula pakamwa. Ndi mmenenso ankachitira a Makwinja ndikabwera ndi phala, kutseka maso kaye, kenako pakamwa.

Nthawi yomweyo chitseko cha kagalasi chija chinatseguka ndipo Tinenenji analowa. Ndinkamuonera kupyolera m'khoma la pulasitiki, ali wamtali ngati mtengo wa bulugama. Anavala gauni yoyera ndi magolovesi. Anawoloka pathabwa osaona mtsinje, anadutsa bambo ake osawaona, n'kuyamba kuyendera timakola. Pa khola lililonse ankawerama, kugogoda pang'ono ndi chala, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji m'menemo?" Anali ataonda. M'khosi mwake munkaoneka mafupa amene sindinawaonepo. Atafika pa khola lathu anayang'ana botolo, analichotsa, anakalidzaza, n'kulibwezera. Anamuyang'anitsitsa bambo mbewa nthawi yaitali. Ine sanandione, ngakhale ndinali pomwepo ndi kasupuni m'manja.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa. "Zatsala pang'ono."

Mwana ameneyu anayamba kuweta mbewa chaka chotsatira maliro a bambo ake. Sanandifunsepo ngati ufa wanga unkawathandiza, inenso sindinamufunsepo chifukwa chake anasankha malambe ndi chammwamba pa zomera zonse za m'dziko muno. Ndili m'kholamo ndinaona kuti funso limene ine ndimagona nalo ndi lomwelo limene iye amadzukira m'mawa. Ine ndimangolisunga. Iye akulifunafuna yankho, ndipo yankholo linali m'mimba mwa bambo amene anali atatsegula pakamwa patsogolo panga.

Ndinabwezera ufa pakapepala, ndinakulunga, n'kumangirira pa ngodya ya chitenje.

"Pepani, mayi," ndinatero. "Sinditha."

Bambo mbewa anatsegula maso, n'kutseka pakamwa pang'onopang'ono.

"Zikomo, mayi," anatero. "Ine ndimaopa kuwauza akazi angawa. Ndanenepa ulendo wonsewu, miyendo mpaka kukana. Ndikanadya lero, kunenepa konseku kukanapita pachabe."

Mayi mbewa anatembenuka n'kutipatsa msana.

"Mwana ndi wanu," anatero akuyang'ana khoma. "Mwamuna ndi wanga."

"Ndi zoona."

"Ndayenda mtunda wonse uja ndi thupi ili. Ndadutsa pansi pa mapazi a anthu, pafupi ndi amphaka a m'msika."

"Ndikudziwa, mayi."

Tinakhala choncho. Sindinafune kuchoka ngati munthu wothawa. Bambo mbewa anakwawa pang'onopang'ono mpaka anakatsamiritsa mutu pamsana pa mkazi wake. Iye sanamukankhe. Patapita nthawi mayi mbewa anapukuta kumaso ndi manja onse awiri, n'kutembenuka.

"Popeza mwakana ichi, muchite china," anatero. "Munthu akalowa m'chipinda chotero, panja pamakhala gadiyani. Ife tikulowa tonse awiri. Ana athu anawatengera ku kafukufuku wina, sitidziwa kumene ali. Sindikufuna zotsatira zathu zikanenedwe pa benchi yopanda munthu. Mukhalepo inu."

"Ndikhalapo."

"Musachoke mpaka atatuluka wonena."

"Ugadiyani ndimaudziwa, mayi. Ndinagonapo pakhonde la chipatala."

Nditangotero, sikelo ija inayankhula kumtsinje, mokweza kuti mbali zonse zimve: "Lero ndi Lachisanu."

Palibe anatsutsa. Mbewa zinayamba kudzikonza. Zina zinkanyambita ubweya, zina zinkasalaza utuchi pamene zinkagona. Mayi mbewa anamupesa mwamuna wake ndi zala kuyambira pamutu mpaka kumchira, anamuchotsa tizinyalala m'ndevu, n'kumupukuta mafuta a m'khosi. Ine ndinatuluka m'khola n'kukakhala pa benchi ija, pafupi ndi chitseko chachitsulo.

Tinenenji anabwera akukankha kangolo kachitsulo, timakola titasanjidwa pamwamba. Tsopano anali atavalanso kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno. Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, koma mayi mbewa ndi mwamuna wake anali m'khola limodzi, kutsogolo kwenikweni. Podutsa pa benchi, bambo mbewa anandiweramira mutu.

"Tsalani bwino, mayi. Moni kumsika."

"Pitani bwino, bambo."

Mayi mbewa sanatsanzike. Anangoyang'ana ngati ndakhaladi, ndipo ataona kuti ndakhala, anayang'ana kutsogolo. Chitseko chinatsekeka.

Ndinadikira. Ndinachita zimene gadiyani amachita: ndinayala chitenje china pabenchi, ndinapinda manja, ndinamvetsera phokoso lililonse la mkati. Munkamveka tizitsulo tikugundana ndi madzi a pampopi, basi. Mashelefu onse anali opanda kanthu tsopano, ndipo mabotolo ankadontha okha pa utuchi. Mtsinje unayamba kudzala. Madzi anafika pa miyendo ya benchi, kenako anandikwirira mapazi. Anali ozizira ngati a mwezi wa June. A Makwinja anali atasiya kuyeza. Anakhala pamwala wochapira, atawerama, akusoka kanthu kakang'ono ndi singano yapamanja.

Ndinamva njala koma sindinadzuke. Ndinafuna kukataya madzi koma sindinadzuke. Ndinkaopa kuti wonena atuluka ine kulibe.

Kenako chitseko chinatseguka. Tinenenji anatuluka atanyamula thireyi, anatsitsira kansalu kaja pachibwano, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pabenchipo pali anthu ambiri.

"Achibale a mbewa alipo?"

Ndinaimirira. "Ndilipo."

"Ndinu ndani wawo?"

"Gadiyani."

"Khalani pansi, mayi."

Ndinakhala, iyenso anakhala pambali panga n'kuika thireyi pamiyendo. Panali timbale tiwiri tagalasi. M'kamodzi munali kachiwindi kofiira bwino, kosalala, ngati ka nkhuku yachikuda. M'kenako munali kotuwa, kotupa, konyezimira ngati majarini osiyidwa padzuwa.

"Ichi ndi cha mayi," anatero akuloza chofiiracho. "Mafuta alimo koma ochepa. Shuga wawo anali atatsikako, ndipo thupi linkagaya bwino chakudya. Ichi ndi cha bambo. Mafuta alowerera paliponse."

"Ndiye kuti ufa umagwira ntchito."

"Kwa mayiwa zikuoneka choncho. Kwa ena a gulu lawo wagwira pang'ono. Kwa ena sunasinthe kanthu."

"Nanga kwa munthu?"

"Kwa munthu sindikudziwa. Mbewa si munthu."

"Udzadziwa liti?"

"Mwina ine sindidzadziwa. Tiyenera kubwereza ndi mbewa zina, kenako tipeze chimene chili mu ufamo chimene chikugwira ntchitoyo, kenako muyezo wake. Za anthu zili kutali. Mwina adzadziwa wina wobwera pambuyo panga."

Ananena zimenezi mofatsa, ngati mmene anamwino amanenera kuti dokotala abwera mawa. Ine ndinayang'ana kambale kachiwiri kaja. Getsi la padenga linkawala pa mafutawo.

"Vundikira ichi," ndinatero. "Eni ake sakonda kuonedwa."

Sanafunse chifukwa. Anatulutsa kampango m'thumba la gauni, anakatambasula, n'kuvundikira kambaleko bwinobwino mpaka m'mbali. Anavula magolovesi n'kuwaika pathireyi, ndipo pamene anayankhulanso sanali mawu a kuntchito.

"Amayi, ndinawagwira bwino. Anagona kaye. Sanamve kuwawa."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Bambowa ndi amene anandithandiza kwambiri. Popanda chiwindi chawo, cha mayiwa sichikanandiuza kanthu."

"Zimenezo ukanawauza ali moyo."

"Ndinkaopa kuwazolowera."

Ndinamufunsa chimene amachita ndi mitembo. Anati amawotcha. Ndinati awiriwa andipatse ine, popeza gadiyani ndi amene amatenga thupi. Anaganiza pang'ono, analowa mkati, n'kubwera nawo pa kansalu koyera. Anali atawasoka pamimba mwaukhondo. Anagona moyandikana, opepuka ngati mabanzi awiri, akadali ofunda.

Ndinawanyamula m'manja onse awiri n'kutsikira kumtsinje. A Makwinja anali atamaliza kusoka. Anadula ulusi ndi mano, n'kutambasula kathumba ka nsalu ya bafuta, kopinda bwino m'mphepete, ka malo awiri.

"Miyezo ndinali nayo kale," anatero.

Tinawalowetsa limodzi, ine kugwira kathumba, iwo kulowetsa. Anayamba ndi bambo, kenako mayi, n'kukonza michira kuti isapindike. Anamanga pakamwa pa kathumbako n'kukanyamula pachifuwa.

"Mukupita nawo kuti?" ndinafunsa.

"Kumunsi. Kuli malo."

Anayamba kuyenda motsatira madzi, kulowera ku khoma kumene mtsinje unkalowa pansi. Ndinawatsatira. Madzi anandifika m'mawondo, chitenje chinalemera, ndipo kapepala ka ufa kaja kananyowa n'kusungunuka pangodya pomwepo. Pansi panali matope oterera.

"Imani pomwepo, amake Tinenenji," anatero osatembenuka. "Kutsogoloku n'kwakuya kwa inu."

Ndinaima. Iwo madzi anali atawafika m'chiuno.

"Abambo," ndinaitana. "Ndifunse chinthu chimodzi."

"Funsani."

"Nanga inuyo? Ufa uja unkakuthandizani?"

Apa anatembenuka. Anandiyang'ana monga ankayang'anira kasitomala wofuna suti ya ukwati ndi nsalu yosakwana, akufunafuna mawu oti asamukhumudwitse.

"Sindikudziwa," anatero. "Kunonso satiuza zimenezo. Chimene ndikudziwa n'chakuti unali wowawasa, ndipo unkandikakamira m'mano mpaka masana."

"Ndiye munkamweranji osadandaula?"

"Ndinkakumvani mukusefa kusanache."

Anakweza kathumba kaja pamwamba pa mutu n'kupitiriza. Madzi anawafika pachifuwa, kenako m'khosi, tepi ikuyandama kumbuyo kwawo. Pa khoma anawerama pang'ono ngati munthu wolowa m'nyumba ya khomo lalifupi, manja okha ali m'mwamba, ndipo analowa.

Ndinatsala nditaima m'madzimo. Sindinadziwe ngati ntchito ya gadiyani yatha kapena pali china choyembekezera. Kumbuyo kwanga ndinamva munthu akuvula nsapato. Tinenenji anatsika m'mphepete atakwinya gauni yake, akuponda mosamala. Tsopano mtsinje ankauona. Anadzaima pambali panga n'kundigwira pamkono kuti asaterereke.

"Madzi awa abwera liti muno?" anafunsa.

"Analimo kale."

"Nanga mumayankhula ndi ndani?"

"Bambo ako."

Anayang'ana ku khoma kuja nthawi yaitali. Panalibe choona, madzi okha akulowa pansi.

"Munawafunsa?"

"Ndawafunsa."

"Akuti chiyani?"

"Akuti sakudziwa. Akuti unali wowawasa."

Mapewa a Tinenenji anayamba kugwedezeka, ndipo ndinkayesa akulira, koma kunali kuseka.

"Amayi," anatero akupukuta m'maso ndi mkono wa gauni, "zimenezo ndikanakuuzani ine, popanda kupha mbewa ndi imodzi yomwe."

Inenso ndinayamba kuseka. Tinaseka titagwirana, madzi akutikoka miyendo, mpaka m'nthiti munandipweteka. Kusekako n'kumene kunandidzutsa. Kunja kunali kutayera kale, ndipo mwana wa aneba anali akugogoda pawindo, akufunsa ngati ndili bwino.